Anyamata a Montreal ndawayeza ndili pakhonde pano ku Senga Bay

Mwera wa chaka chino cha 2025 wabwera ndi ukali. Lero ndi tsiku lachinayi mabwato osalowa panyanja. Alovi angoti mbwee pamchenga, ena akusoka chilimira, ena akutchova bawo, ndipo nane pa kashopu kanga zinthu zaima, pajatu kuno usipa ukapanda kutuluka ndalama siyenda. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe zomwe ndakhala ndikukulonjezani anzanga ochepa amene mumawerenga zanga: mmene ndikuwaonera anyamata amene timu yanga ya hockey ya pa ayezi, Montreal Canadiens ya ku Canada, yakhala ikusankha pa draft kuyambira 2022.

Amene mwafika kumene, funso lanu ndikulidziwa. Munthu wa ku Salima, kumene dzuwa la mu Okutobala limaotcha mchenga mpaka osapondeka, masewero a pa ayezi wawadziwira kuti? Mu 2010 ndinkaperekera zakudya pa loji ina konkuno. Kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Quebec, chigawo cha Canada chomwe kuli mzinda wa Montreal, wa Chingerezi chothyokathyoka ngati changa. Masana ankangogona, koma ikamakwana 1 koloko usiku umupeza pa bala ndi laputopu, akundichonderera kuti ndisatseke. Unali mwezi wa Epulo, timu yake inali pa ndime yachipulula, ikulimbana ndi Washington yomwe chaka chimenecho inkaopedwa ndi aliyense. Usiku wina goloboyi wa Montreal, Jaroslav Halak wa ku Slovakia, anatchinga kokwana 53 m'masewero amodzi. Mkulu uja analira misozi yeniyeni, ine nditagwira thileyi. Pochoka anandisiyira jezi yofiira, ya chilembo cha C chachikulu ndi H mkati mwake. Mpaka lero ana a pano akandiona nayo amakuwa, "Achimwene a Chambo!" Ena amati CH ndiye kuti Chichewa. Ndinasiya kuwatsutsa.

Masewerowo mwachidule: anthu asanu ndi goloboyi mbali iliyonse, nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, ndodo zopindika kumapeto, ndipo m'malo mwa mpira pali puck, kalabala kakuda kolimba, kukula kwake ngati kachitini ka polishi wa nsapato. Wosewera amapatsidwa pointi akagoletsa, komanso akapatsira mnzake amene wagoletsa. Musaiwale zimenezi chifukwa nditchula mapointi kwambiri.

Tsono draft ndi chiyani? Kwathu kuno mwana akawala pa timu yaing'ono, chaka chamawa mumuona ku Bullets, ku Noma kapena ku Silver, chifukwa wa ndalama ndi amene amayamba kutola. Ku NHL, ligi ya matimu 32 a ku Canada ndi America, sizitero. Anyamata a zaka 18 a dziko lonse lapansi amaikidwa pamndandanda, ndipo chakumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julaye matimu amasankha mmodzimmodzi mosinthana, ndime zisanu ndi ziwiri. Amene anathera pansi pa ligi ndi amene amayamba, kungoti malo oyambirira penipeni amachitira mayere kuti timu isamaluze dala. Nditawafotokozera amalume anga, omwe akhala pa nyanjayi zaka zoposa makumi anayi, anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Mphwanga, ndiye kuti kumeneko amene wagona m'bwato ndi amene amadya mutu wa chambo?" Ndinasowa choyankha, chifukwa n'zoona.

Ife tinagonadi m'bwato. Mu 2021 tinafika mu fainolo ya Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, n'kugonja kwa Tampa Bay. Chaka chotsatira tinathera pa nambala 32, kumchira kwenikweni. Timu yokhala ndi zikho 24, zochuluka kuposa wina aliyense, koma chomaliza inatenga mu 1993 ine ndili ku pulayimale. Mayere anatigwera, ndipo draft ya 2022 inachitikira pakhomo pathu pomwe, mu Bell Centre.

Usiku umenewo sindidzauiwala. Kumeneko linali 7 Julaye madzulo, kuno kutadutsa pakati pa usiku. Netiweki m'nyumba mwanga imagwira pangodya imodzi yokha ya khonde, pafupi ndi mtondo. Ndinakhala pamenepo nditafunda chitenje cha mayi a kunyumba, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, foni ili pa batire ya sola. Kwa zaka zitatu aliyense ankati woyamba adzakhala Shane Wright, mwana wa ku Canada komweko amene analoledwa kusewera ndi akuluakulu ali ndi zaka 15. Ine ndinali nditaloweza kale dzina lake. Kenako mkulu woyendetsa timu, Kent Hughes, anaima n'kutchula Juraj Slafkovsky wa ku Slovakia. Mu holo muja ena anaombera m'manja, ena anakuwiza. Ine ndinamenya mtondo ndi chikhatho mpaka galu wa aneba kuuwa. Wright anadikira mpaka nambala 4, kumene Seattle inamutenga.

Ndiulule tchimo langa. Usiku womwewo ndinalemba pa gulu lina la masapota pa Facebook, m'Chingerezi changa chija, kuti akuluakuluwa agula ng'ombe poona nyanga. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mpaka lero kuli mnyamata wina wa ku Quebec amene Slafkovsky akagoletsa amandikumbutsa mawu aja.

Komabe mkwiyo wanga sunali wopanda mutu. Slafkovsky anatchuka pa Olympics ya ku Beijing mu 2022, kumene anagoletsa zigoli 7, dziko lake n'kutenga mendulo ya bronze, iye n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Koma osewera a NHL kunalibe pa mpikisano umenewo. Ndipo ku timu yake ya TPS ku Finland, chaka chonse anagoletsa zigoli 5 zokha m'masewero 31 a ligi. Ndinkaona ngati tatengeka ndi masabata awiri okha. Chaka chake choyamba ku Montreal chinandivomereza: masewero 39, zigoli 4, mapointi 10, kenako kuvulala mu Januwale. Ankayenda mutu uli pansi, anthu n'kumamugunda ngati thumba la chimanga. Chimwana chachitali, cholemera kuposa makilogalamu 100, koma chikugwetsedwa ndi anthu ofika m'mapewa mwake.

Zinasintha pakati pa chaka chachiwiri, mphunzitsi Martin St. Louis atamuika pamodzi ndi kaputeni Nick Suzuki ndi Cole Caufield. Anamaliza ndi zigoli 20 ndi mapointi 50. Timu inamupatsa kontirakiti ya zaka 8, madola 7.6 miliyoni pachaka. Chaka chathachi, cha ligi ya 2024 mpaka 2025, wapeza mapointi 51. Ndiye ndimupatse malikisi angati? Ndikuti 7 pa 10. Ali ndi khalidwe limodzi londitopetsa: miyezi ya Okutobala ndi Novembala amakhala ngati akadali patchuthi, amadzadzuka Khirisimasi itadutsa. Akadzuka ndiye ndi chilombo, amaima kutsogolo kwa golo osasunthika, amalanda puck m'makona ngati akulanda mwana chimanga chootcha. Ndikayang'ana anzake a chaka chimenecho, Wright wapeza mapointi 44 chaka chathachi, Logan Cooley amene anatengedwa pa nambala 3 wapeza 65. Cooley amandipatsa kaduka pang'ono. Koma kunena kuti tinalakwitsa, ayi, pakamwa ndinatseka.

Usiku womwewo panachitikanso malonda ena omwe mpaka pano amandiwawa. Tinapereka wotchinga kumbuyo Alexander Romanov ku New York Islanders, n'kulandira nambala 13, nambalayo n'kuipititsa ku Chicago kuti titenge Kirby Dach. Dach ndi waluso, koma bondo lake lamuzunza zaka ziwiri zotsatizana. Chicago inasankha Frank Nazar pa nambala ija. Sindinena zambiri, munthu sasankha kuvulala.

Tsopano ndifike pa mwana amene wandichititsa kulemba zonsezi.

Tsiku lachiwiri la draft anthu ambiri saonera. Mayina amangotchulidwa mothamanga ngati kaundula wa makuponi. Ine ndinali pa shopu, ndikuyeza shuga, n'kumasuzumira pafoni. Pa nambala 62, kumapeto kwa ndime yachiwiri, Montreal inatenga Lane Hutson wa ku America, wotchinga kumbuyo. Nditaona chithunzi chake ndinaseka. Kankhope ka mwana wa Fomu 2, kathupi ka makilogalamu pafupifupi 70. Pa masewero amene anthu amagundana pa liwiro la njinga yamoto, ndipo otchinga kumbuyo amafunika akhale zimphona. Mwanayu anachita kupita ndi kalata ya dokotala kokayezedwa ndi matimu, yonena kuti mafupa ake sanamalize kukula. Tangoganizani kupita kokafunsira ntchito ndi kalata yoti "mundidikire, ndikula". Matimu ambiri anamudumpha, ena kawiri, ndipo ife tomwe tinamudumpha katatu, chifukwa tisanafike kwa iye tinali titatenga kale Slafkovsky, Filip Mesar pa 26 ndi Owen Beck pa 33. Choncho akuluakulu athu asamadzitame kwambiri kuti anaona patali. Akanakhala kuti ankadziwa chimene anali nacho m'manja, sakanadikira mpaka 62.

Anapita ku Boston University zaka ziwiri, n'kumachita zodabwitsa, koma anthu ankati dikirani akumane ndi amuna enieni. Wakumana nawo. Chaka chake choyamba chathunthu mu NHL wasewera masewero onse 82, mapointi 66. Mwa amenewo, 60 ndi opatsira anzake, zomwe zafanana ndi mbiri imene Larry Murphy anaika kalekale kwa wotchinga kumbuyo wongoyamba kumene. Wapitirira mapointi 64 a Chris Chelios, omwe anali mbiri ya timu yathu kwa wotchinga kumbuyo wongoyamba kumene. Mu Juni 2025 anapatsidwa Calder Trophy, mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse, ndipo wa Montreal womaliza kuilandira anali Ken Dryden mu 1972.

Koma manambala sakuuzani mmene amasewerera. Ndinawaonetsa amalume kavidiyo kake tsiku lina titakhala pansi pa mtengo kugombe. Hutson ali ndi puck pa mzere wabuluu, chimunthu chikubwera kudzamuphwanya. Iye anagwedeza mutu ndi mapewa ngati akupita kumanzere, chimunthu chija n'kupita komweko, iye n'kutembenukira kumanja, mutu uli m'mwamba, akuyang'ana kumene mnzake adzafike osati kumene ali. Amalume anati ndibwezerenso. Ndinabwezera katatu. Kenako anati, "Ameneyu ndi siginala."

Amene simuli a kunyanja, siginala ndi munthu amene amakhala m'bwato laling'ono lokhala ndi nyali usiku, kukopa usipa ndi kuwerenga madzi. Ndi iye amauza alovi nthawi yoponya chilimira ndi mbali yoti akokere. Alovi amafunika a mphamvu, a zifuwa, okoka chingwe usiku wonse. Koma siginala sasankhidwa poona minofu. Amalume akuti siginala wabwino kwambiri amene anagwirapo naye ntchito anali kamunthu kowonda koti mphepo ikanatha kukaulutsa, koma kakati "ponyani", bwato linkabwera lodzaza. Eni zombo ambiri anakakana poyamba chifukwa ankafuna munthu wooneka. Ndi zomwe matimu ambiri anachita ndi Hutson. Anapita kukafuna alovi, siginala ali pomwepo.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti Montreal ndi timu yomwe siyenera kuphunzitsidwa zimenezi. Mphunzitsi wathu St. Louis ali mnyamata sanasankhidwe pa draft ndi timu ina iliyonse chifukwa cha kufupika, koma anadzatenga Stanley Cup ndi Tampa Bay mu 2004, chaka chomwecho n'kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse. Caufield, wamfupi mnzake, anatsetsereka mpaka nambala 15 mu 2019 pa chifukwa chomwecho, ndipo chaka chathachi wamwetsa zigoli 37. Brendan Gallagher tinamutola pa nambala 147 mu 2010, mpaka lero akadatuluka magazi chifukwa cha jezi imeneyi. Hutson ndikumupatsa 10 pa 10, ndipo sindikufuna mtsutso. Inde, pa ndime yachipulula ndi Washington mu Epulo zimphona zinamupanikiza nthawi zina, ndipo tinatuluka m'masewero asanu. Koma popanda iye sitikanafikako n'komwe.

Za 2023 ndilemba mtima uli pawiri.

Tinali ndi nambala 5, draft ili ku Nashville. Connor Bedard anapita ku Chicago monga aliyense ankadziwira. Itafika nthawi yathu, Matvei Michkov wa ku Russia anali akadalipo, mwana amene ambiri ankati pa luso logoletsa amatsatira Bedard yekha. Vuto linali lakuti anali ndi kontirakiti ndi timu ya SKA ya ku St. Petersburg mpaka 2026, komanso nkhondo ya ku Ukraine inachititsa kuti matimu azivutika kukaona osewera a ku Russia ndi maso. Anaitana goloboyi wathu wakale Carey Price kuti atchule dzina. Price anati "David", kenako n'kuima, dzina lachiwiri litamuthawa, mpaka Hughes kumuthandiza. David Reinbacher wa ku Austria, wotchinga kumbuyo wa timu ya Kloten ku Switzerland. Michkov anatengedwa ndi Philadelphia pa nambala 7.

Ulendo uno sindinalembe kanthu pa Facebook, ndinali nditaphunzira. Koma ena analemba, ndipo zina zinali zonyansa, kutukwana mwana wa zaka 18 ngati anadzisankha yekha. Zimenezo zinandinyansa kuposa chisankhocho. Maganizo a timu ndinkawamva: wotchinga kumbuyo wamtali wogwira ndodo kumanja ndi wosowa ngati kampango wa pa mbedza ya mwana, ndipo matimu amene amatenga chikho amakhala naye. Koma tsoka silinunkha. Michkov anamasulidwa msanga, anafika ku Philadelphia mu 2024 n'kugoletsa zigoli 26, mapointi 63. Reinbacher anavulala bondo mu Sepitembala pa masewero okonzekera ligi ndi Toronto, anachitidwa opaleshoni, n'kukhala miyezi yambiri osaponda pa ayezi. Wabwerera chakumapeto ku Laval Rocket, timu yathu yachiwiri, ndipo amene amamuonera akuti akusewera mwanzeru. Pofika Julaye 2025, mu NHL anali asanasewere ngakhale kamodzi.

Malikisi? Pepala lake ndalisunga m'thumba. Otchinga kumbuyo amachedwa kupsa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ndikanama ndikati Michkov akagoletsa sindimva kanthu m'mimba.

Chomwe chinapoletsa bala limeneli ndi 2024. Tinalinso ndi nambala 5, ulendo uno ku Las Vegas, m'chinyumba chozungulira chija chotchedwa Sphere. Ndinali pangodya yanga yomweyo, pafupi ndi mtondo. Mayi a kunyumba nkhani za hockey alibe nazo ntchito, amati ndi masewero a anthu osesa pabwalo mothamanga. Koma usiku umenewo ndinaiwala kutsitsa voliyumu, ndipo amene anakwera pa nsanja kukatchula dzina anali Céline Dion. Ndinangomva chitseko kuti kwee.

"Bambo a mwana, ameneyo si Céline?"

"Ndi yemweyo, mayi."

"Nayenso ndi wa timu yanuyi?"

"Kwawo ndi komweko."

Anakhala pa mtondo paja, n'kundilanda theka la chitenje. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane tinaonera limodzi. Céline anatchula Ivan Demidov wa ku Russia, wa SKA yomwe ija. Mayi anafunsa ngati aimbe, nditati ayi anabwerera kukagona. Koma kuyambira tsiku limenelo akandiona ndi foni usiku amafunsa kuti, "Mwana wa Céline uja wagoletsa?"

Ndipo amagoletsadi. Ku ligi ya ku Russia anapeza mapointi 49 ali ndi zaka 19, chikhalirecho masewero ena ankangomupatsa mphindi zochepa. Mu Epulo chaka chino anafika ku Montreal, ndipo pa masewero ake oyamba, ndi Chicago, chigawo choyamba chisanathe anali atapatsira chigoli chimodzi n'kugoletsa china. Chigoli chakecho ndachionera mwina kakhumi: puck inagunda khoma la kuseri kwa golo n'kubwerera, iye anaitola, n'kudikira, n'kudikirabe, goloboyi mpaka kugona pansi, kenako n'kuilowetsa ngati akuika ndalama m'thumba. Kudekha kotero pa msinkhu umenewo sikophunzitsidwa. Anamupatsa nambala 93, ndipo sapota aliyense wa Montreal akaona 93 amakumbuka chaka chimodzi chokha. Sindimupatsa malikisi pa masewero ochepa chonchi, ndinapsa kale. Koma ndikamaganiza za iye ndi Hutson pa ayezi nthawi imodzi, tulo timandithawa ngakhale usiku wopanda masewero. Ena amati tikanatenga Michkov sitikanathera pansi mokwanira kuti tipeze Demidov. Mwina. Ndimazilandira chifukwa zimanditonthoza.

Enawo ndingowadutsa. Mesar, mnzake wa Slafkovsky wa ku Slovakia, sanaonetse kanthu kogwirika ku Laval, ndipo ndayamba kutaya mtima. Beck ndi wolimbikira, wa ntchito zakuda, mtundu wa anthu amene timu imawafuna koma palibe amagula jezi yawo. Michael Hage, amene tinamutenga pa 21 mu 2024, anapita ku University of Michigan ndipo anayamba bwino. Amene ndikumuyang'anitsitsa ndi goloboyi Jacob Fowler, nambala 69 mu 2023, amene chaka chino walandira mphoto ya goloboyi wopambana m'makoleji a ku America ali ku Boston College. Ku Montreal goloboyi ndi nkhani yaikulu. Patrick Roy tinamutenga pa nambala 51 mu 1984, ndipo zikho ziwiri zomaliza, cha 1986 ndi cha 1993, zinabwera iye ali pagolo. Pali Jakub Dobes, wa nambala 136 mu 2020, amene pa masewero ake oyamba mu Disembala sanalole chigoli ngakhale chimodzi kwa Florida, eni chikho. Taonani manambalawo: 51, 62, 69, 136, 147. Nsomba zathu zabwino zambiri tazigwira kumapeto kwa khoka.

Pamene tili ndi nambala zapamwamba m'pamene dzanja limanjenjemera. Mu 2018, pa nambala 3, tinatenga Jesperi Kotkaniemi chifukwa tinkafuna wosewera pakati, n'kusiya Brady Tkachuk amene Ottawa inamutola pa 4 ndipo anadzakhala kaputeni wawo mu 2021, n'kusiyanso Quinn Hughes amene anapita ku Vancouver pa 7. Patangotha zaka zitatu Kotkaniemi anapita ku Carolina. Akuluakulu a ku Quebec akadadandaulabe za 1980, pamene timu inatenga Doug Wickenheiser pa nambala 1 n'kusiya Denis Savard, mwana wa pakhomo pomwepo. Mkulu wanga wa pa loji uja anandiuza nkhani imeneyi ngati maliro a dzulo. Matenda ake ndi amodzi: kusankha potengera bowo lomwe lili pa timu lero, pamene mwanayo adzapsa patapita zaka zinayi, bowolo litasamukira pena. N'chifukwa chake nkhani ya Reinbacher imandisowetsa mtendere, ikununkhira 2018.

Nanga draft ya 2025, ya ku Los Angeles? Ndinagula bandulo yausiku, ndinatchaja batire, koma draft isanayambe nkhani inali itatuluka kale: tapereka nambala 16 ndi 17 pamodzi ndi Emil Heineman ku Islanders, n'kulandira Noah Dobson. Wotchinga kumbuyo wogwira ndodo kumanja, wa zaka 25, amene chaka cha 2023 mpaka 2024 anapeza mapointi 70. Wasaina zaka 8, madola 9.5 miliyoni pachaka. Anzanga ena pa gulu lija akudandaula kuti ndalamazo zachuluka, ndiponso kuti chaka chathachi Dobson anatsika. Ine ndili mbali ya Hughes. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nambala 16 ndi 17 ndi ana awiri oti mwina mmodzi adzapsa mu 2029, pamene Suzuki, amene wapeza mapointi 89 chaka chathachi, ali pachimake lero. Ndipo kubwera kwa Dobson kwamuchotsera Reinbacher katundu pamutu, akule mosathamangitsidwa. Kapena, ndikaganiza moipa, ndi chizindikiro choti akuluakulu nawonso ayamba kukayika. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona.

Tsiku lachiwiri tinakwera pang'ono kuti titenge Alexander Zharovsky wa ku Russia pa nambala 34. Ndaonera timavidiyo take tiwiri titatu mpaka bandulo kutha. Manja ali nawo, thupi ndi lowonda ngati bango. Zaka zitatu zapitazo ndikanaseka. Pano ndinangowatumizira amalume kudzera pa foni ya mdzukulu wawo, ndipo yankho linabwera la mawu: "Mphwanga, ameneyu sindinamuone bwino, madzi ake ndi osaya. Udzandionetse akadzasewera ndi akuluakulu."

Dzulo ndinakwera kabaza kupita kwa telala wanga pa Kamuzu Road ndi jezi ija, poti yang'ambika m'khwapa ndipo kumsana kwake kulibe dzina chibwerere. Ndinamuuza kuti asoke pong'ambikapo, kenako adule nsalu yoyera aike 48 kumsana, ndi dzina pamwamba pake. Anatenga choko n'kufunsa kuti dzinalo ndi ndani. Ndinamulembera pa katoni: HUTSON. Anayang'ana, n'kuyang'ananso.

"Bwana, si Hudson ameneyu? Mwalakwitsa sipelo."

"Lembani momwemo, ndi T."

"Amasewera timu yanji, Chelsea?"

Ndinamuuza kuti ndidzatenga Lachisanu. Akuti ndiwonjezere K2,000 chifukwa zilembo ndi zisanu ndi chimodzi ndipo S ndi wovuta kudula.